Kusintha ma shock akumbuyo pa njinga yamoto: mafunso ndi mayankho

Mayankho awa akukhudza makamaka njinga za ma shock awiri kumbuyo, zomwe n'zofala pa kabaza ndi m'makomo: Bajaj Boxer, TVS HLX, Yamaha YBR125, Honda Ace, ndi za ku China zopangidwa motengera Honda CG125. Njinga za shock imodzi yapakati zili ndi funso lakelake kumunsiku. Manambala athu akasiyana ndi a m'buku la njinga yanu, tsatani a m'bukulo.

Shock imagwira ntchito yanji, poti njinga ikaima imaoneka yabwinobwino ngakhale shock itatha?

Mu shock imodzi muli zinthu ziwiri. Sipuling'i yakunja ndiyo imanyamula kulemera kwa njinga, woyendetsa, wokwera ndi katundu. Pakati pa sipuling'iyo pali botolo lachitsulo lodzaza oyilo, ndipo m'kati mwake mumayenda pisitoni yomangidwa ku ndodo yonyezimira ija. Pisitoniyo ili ndi timabowo ndi timavavu. Tayala likagunda bampu, oyilo amakakamizidwa kudutsa m'timabowomo, ndipo kuvutikira kwake podutsa n'kumene kumaletsa sipuling'i kufinyika ndi kubwerera mwachangu. Mphamvu ya kugundako imasanduka kutentha. N'chifukwa chake shock yamoyo imakhala yofunda mukaikhudza mutangochoka pa msewu wokumbika.

Oyilo akatha, sipuling'i imapitiriza kunyamula njinga, choncho ikaima simuona kanthu. Vuto limatulukira poyenda: tayala limadumphadumpha, ndipo pa kanthawi kamene lili m'malere siligwira buleki, siligwiranso pansi pokhota. Kugwedeza msana n'kochepa poyerekeza ndi zimenezi.

Ndingadziwe bwanji kuti yatha?

Yambani ndi maso. Pukutani shock yonse, yendani tsiku limodzi, muyang'anenso. Kachinyezi kochepa pa ndodo si nkhani. Koma mukapeza oyilo wayenderera pa botolo, fumbi litamatirira n'kupanga matope akuda, seal, labala wotsekera oyilo pozungulira ndodo, yapita. Yang'ananinso ndodo ngati yapindika kapena yadyeka ndi dzimbiri, sipuling'i ngati yathyoka kapena yafupika kuposa inzake, ndi labala wa m'maso a shock, mabowo a ku nsonga zake omangira, ngati wang'ambika kapena watulukira pambali. Mkati mwa sipuling'i, pa ndodo, mumakhala kalabala koletsa chitsulo kugundana ndi chitsulo shock ikafika pothera. Kakanyenyeka, ndiye kuti njinga yakhala ikugunda pansi kawirikawiri.

Kenaka tsitsani njinga pa sitandi, wina agwire mahandulo, inu mukanikize kaliyala ndi thupi lonse n'kusiya mwadzidzidzi. Shock yabwino imabwerera kamodzi, modekha, n'kuima. Yakutha imaphulikira m'mwamba, nthawi zina ndi kaphokoso ka "gu" pothera, kenaka n'kunjanja kawiri kapena katatu.

Tayala nalo limaulula. Likamadyeka mosiyanasiyana, pena pokumbika pena potumphuka kuzungulira tayala lonse, ndiye kuti lakhala likudumpha.

Mukaichotsa pa njinga musayese kuifinya ndi manja kuti muone mphamvu. Chimene mukumva pamenepo ndi sipuling'i, osati oyilo.

Kumbuyo kukugogoda ndipo njinga ikuyenda mopepera. Ndi shock basi?

Si nthawi zonse, ndipo anthu ambiri amawononga ndalama pamenepa. Musanagule kanthu, kwezani tayala lakumbuyo muyese izi.

Gwirani kumapeto kwa swingarm, chitsulo chija chogwira tayala lakumbuyo, muikankhire kumanja ndi kumanzere. Ikamasuntha, mabushi a pamene imalumikizana ndi felemu atha, kapena nati ya pamenepo yamasuka. Shock yatsopano singachize zimenezi, ndipo idzatha msanga chifukwa izikhotetsedwa cham'mbali. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, muligwedeze: likamasewera pa ekiselo, ndi mabering'i. Gogodani masipoko ndi sipanala. Olimba amalira mokweza, omasuka amalira mogontha. Gwirani sipoketi muitembenuzire kutsogolo ndi kumbuyo tayala lili chiimire: ikamayenda kwambiri, malabala a mkati mwa habu atha, ndipo amagogoda ponyamuka ndi posiya mafuta, osati pa bampu. Musaiwale mpweya. Tayala lochepa mpweya limapepera ndendende ngati la shock yakutha.

Yatha ndi imodzi yokha. Ndingasinthe imodziyo?

Ayi, sinthani onse awiri. Yatsalayo yayenda ulendo womwewo, sipuling'i yake yatopa kale. Mukaiphatikiza ndi yatsopano, mbali imodzi imakhala yolimba ndiponso yaitali pang'ono, swingarm imapotoka nthawi iliyonse mukagunda bampu, ndipo yatsopanoyo imanyamula ntchito ya awiri mpaka nayo kutha. Kuika imodzi n'kongofikira nako kunyumba ngati ina yathyokera pa njira.

Pogula ndiyeze chiyani?

Kunena dzina la njinga kokha sikukwanira, makamaka pa njinga za ku China, zomwe dzina limodzi limatha kukhala ndi mafelemu osiyana. Chabwino koposa n'kunyamula shock yakale popita ku shopu. Ngati n'kosatheka, yezani izi ndipo muzilembe.

Choyamba ndi kutalika, kuchokera pakati pa bowo lam'mwamba kufika pakati pa bowo lam'munsi, tayala litakwezedwa kuti shock ifutukuke yonse. Mukayeza njinga itaponda pansi mupeza nambala yochepa ndipo mugula yaifupi. Pa njinga za 100cc mpaka 150cc kutalikaku kumakhala kawirikawiri pakati pa mamilimita 300 ndi 350.

Chachiwiri ndi mtundu wa nsonga. Zina zili ndi diso kumwamba ndi kumunsi. Zina kumunsi zili ndi mphanda yomwe imakumbatira khutu la pa swingarm. Ziwirizi sizisinthana.

Chachitatu ndi kukula kwa bowo, lomwe nthawi zambiri ndi mamilimita 10 kapena 12, ndipo la m'mwamba limatha kusiyana ndi la m'munsi. Yezaninso kunenepa kwa diso kapena mpata wa pakati pa mphanda. Diso lonenepa silisiya mazinga okwanira oti nati igwire. Lopyapyala limasiya shock ikuyendayenda cham'mbali.

Chomaliza ndi kunenepa kwa sipuling'i yonse. Ma shock onenepa, kapena okhala ndi kabotolo ka gasi pambali ngati a pa Bajaj Pulsar, amatha kukhuza chotchingira tcheni, ekizozi kapena kaliyala pa njinga yomwe sinapangidwire otero.

Ku shopu, ikani awiriwo pambali pambali muone ngati ali ofanana kutalika ndi kuchuluka kwa mizere ya sipuling'i. Yang'anani pamene diso linawotcheredwa. Pali ma shock otchipa okhala ndi kabotolo kongokongoletsa, kopanda kanthu mkati. Kabotolo sikatanthauza kuti shock ndi yabwino. Pa Boxer, sipuling'i ziwiri zija, ina mkati mwa inzake, n'zimene zimaithandiza kunyamula katundu, choncho musazisinthe ndi shock ya sipuling'i imodzi yopyapyala chifukwa choti kutalika kwafanana.

Ndikufuna njinga ikwere kumbuyo. Ndingaike zazitali kuposa zakale?

Kusiyana kwa mamilimita 5 mpaka 10 njinga zambiri zimakulandira. Kupyola apo mavuto amayamba. Swingarm imapendekera pansi kwambiri, tcheni chimakhuza pa labala wa kutsogolo kwa swingarm, ndipo kulimba kwake kumasintha kwambiri pamene shock ikufinyika: mukachikunga njinga ili yopanda munthu, chimakokeka zedi wokwera akakhala, n'kuwononga bering'i ya sipoketi yakutsogolo. Ndodo ya buleki nayo imasintha kakokedwe. Njinga imapendekeka kwambiri pa sitandi yam'mbali, ndipo pa sitandi yapakati tayala silikweranso. Kutsogolo kumazyolika, chiwongolero chimapepuka n'kumanjenjemera pa liwiro.

Zazifupi nazo n'zoopsa: tayala limagunda madigadi mukanyamula katundu, ndipo mawaya a nyale yakumbuyo amadutsa pomwepo.

Ngati chomwe chikukuvutani n'choti njinga imakhala pansi mukanyamula, mankhwala ake ndi sipuling'i yolimba pa kutalika komweko.

Ndikonze zida ziti?

Masipanala otseka kapena masoketi a 12, 14 ndi 17, awiriawiri ngati kumunsi kuli bauti ndi nati. Mafuta omasulira dzimbiri monga WD-40, bulashi yawaya, sanipepa yosalala, hamala yaing'ono, sikuludiraiva yaitali, madzi a sopo, girisi pang'ono, tepi yoyezera, matabwa awiri kapena atatu, ndi sipanala yokowera yosinthira sipuling'i, yomwe imabwera m'kachikwama ka zida za njinga. Torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, ngati ilipo. Munthu wachiwiri amathandiza kwambiri kuposa chida chilichonse. Mabauti akapanda kuvuta, ndi ntchito ya pansi pa ola limodzi.

Ndondomeko yake ndi yotani?

Tsukani njinga kumbuyo, muthire mafuta omasulira pa manati onse anayi, ndipo dikirani ekizozi izizire. Jambulani mbali zonse ndi foni musanamasule kanthu, kuti mudzakumbukire pamene panali wosha iliyonse.

Imikani njinga pamalo olimba ndi athyathyathya. Idakali pansi, thyolani manati onse anayi pang'ono chabe, theka la kuzungulira. Mukachita zimenezi njinga ili m'mwamba, mphamvu yomasulira ikhoza kuigwetsa.

Ikwezeni pa sitandi yapakati. Ngati ilibe, ikani chipika cholimba pansi pa felemu kapena pansi pa injini, osati pansi pa ekizozi kapena swingarm, ndipo wina agwire. Mangani handulo ya buleki yakutsogolo ndi labala kuti njinga isagubuduke. Lowetsani thabwa pansi pa tayala lakumbuyo mpaka lingokhudza, kuti tayala lisagwe shock ikachoka.

Chotsani zotchinga. Pa njinga zambiri kaliyala kapena chogwirira cha wokwera chimamangidwa pa stud yomweyo ya m'mwamba, bauti yowotcheredwa ku felemu pamene shock imakoledwa, ndiye muyenera kumasula mabauti ake ena kuti chitanuke. Kumanja, bauti yam'munsi imatha kutsekeredwa ndi ekizozi. Masulani bauti yogwira ekizozi kumbuyo n'kuikankha pang'ono, osaipinda.

Gwirani mbali imodzi kaye. Shock inayo isiyeni igwire swingarm. Chotsani bauti yam'munsi poyamba. Ikamalimba potuluka, ndiye kuti yapanikizika ndi kulemera kwa tayala: tukulani thabwa lija pang'ono ndi phazi mpaka bauti ipepuke. Kenaka chotsani nati yam'mwamba, mukoke shock molunjika kunja. Yalani mawosha pansi m'ndondomeko yomwe achokera.

Palani stud ndi bauti ndi bulashi yawaya. Pitani ndi chala pa stud: mukamva kakhwawa pamene bushi inkakhala, kapena ngati yapindikira m'mwamba, ikufunika kukonzedwa musanapitirire. Yang'ananinso mng'alu pamene stud yawotcheredwa ku felemu ndi pa khutu la swingarm. Mzere wa dzimbiri wopyapyala ngati tsitsi pa penti ndi chizindikiro chake.

Ikani shock yatsopano pambali pa yakale muone kuti zikufanana. Ivekeni moyang'ana momwe yakale inaliri. Pa njinga zambiri botolo la oyilo ndi mano osinthira sipuling'i zimakhala kumunsi. Yambani ndi m'mwamba, nati ingogwira ndi zala. Kenaka sewerani ndi thabwa mpaka bowo lam'munsi lilunjike, mulowetse bauti ndi dzanja. Musamange. Chitani chimodzimodzi mbali inayo.

Tsitsani njinga, ikanikizeni kangapo, munthu akhalepo, ndiye mumange zonse zinayi.

N'chifukwa chiyani kumanga kukhale komaliza, njinga ili pansi?

Mu diso la shock muli labala, ndipo mkati mwa labalayo muli kapaipi kachitsulo. Mukamanga nati, kapaipiko kamagwidwa zolimba, sikazunguliranso. Shock ikamapendekeka poyenda, chomwe chimapotoka ndi labala. Mukamanga tayala lili lendelende, labala amakhala atapotoka kale mukangotsitsa njinga, n'kupotokanso kwambiri munthu akakwera. Sachedwa kung'ambika, ndipo pakangopita miyezi yochepa kugogoda kumayambiranso, inu n'kumati munagula shock yabodza.

Ndimange mpaka pati?

Pa mazinga a mamilimita 10, omwe nati yake imakhala ya sipanala ya 14 pa njinga zopangidwa motengera za ku Japan, mlingo wamba ndi 34 mpaka 39 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira). A mamilimita 12 amafika cha m'ma 54 Nm, a 8 cha m'ma 22 mpaka 27. Popanda torque wrench, dziwani kuti 35 Nm ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 18 kumapeto kwa sipanala yotalika masentimita 20. Ndi mphamvu ya dzanja limodzi lokoka bwino. Paipi yowonjezera pa sipanala ndi kuponda ndi phazi n'zimene zimadula ma stud. Dontho la Loctite ya buluu, guluu woletsa nati kumasuka, pa mazinga oyera limathandiza pa njinga yoyenda misewu yafumbi.

Chenjerani ndi nati yotseka kumutu, yonyezimira ija ya m'mwamba. Mukaiwala wosha imodzi, nsonga ya stud imakagunda denga la natiyo. Dzanja limamva ngati yalimba pamene shock idakali yomasuka, ndipo mukakakamiza, denga limaboola kapena mazinga amatha. Mukamaliza kumanga, gwedezani diso la shock cham'mbali, lisasunthe. Wosha yakunja iyeneranso kukhala yaikulu kuposa labala, chifukwa labala akadzatha, ndi yokhayo yoletsa shock kuvuka.

Mabowo sakulunjika. Ndimenye ndi hamala?

Ayi. Bauti yolowa ndi hamala imafika mazinga ataphwanyika. Shock yatsopano imakhala yaitali pang'ono kuposa yakale yotopa, ndiye swingarm imafunika itsike. Ngati shock yakale ya mbali inayo ikuiletsa, chotsani bauti yake yam'munsi, tayala likhale pa thabwa, mutsitse pang'onopang'ono. Sikuludiraiva yolowetsa m'bowo imathandiza kukokera zinthu pamalo pake. Ngati maso awiri a shock sakuyang'ana mbali imodzi, imangeni kumunsi mu vaisi, mulowetse chitsulo m'diso lam'mwamba n'kupotoza pang'ono molowera kumanja, kuti diso lisamasuke pa ndodo.

Mukaona kuti shock ikufunika kupindidwira cham'mbali kuti ifike pa khutu lam'munsi, imani. Mwina mwaiwala wosha yakuseri kwa diso lam'mwamba, mwina swingarm kapena felemu inapindika. Shock yomangidwa chokhota imadya seal mbali imodzi ndipo imayamba kudontha isanakalambe.

Nati yagwira dzimbiri, kapena stud yaduka. Nditani?

Thirani mafuta omasulira, dikirani theka la ola, gogodani nati m'mbali ndi hamala pang'ono, mugwiritse soketi ya makona 6, osati sipanala yotsegula yomwe imadya makona. Yesani kumanga pang'ono kaye musanamasule, dzimbiri limathyoka. Ikayamba kuyenda n'kulimbanso, bwererani, thirani mafuta, mupitirize. Moto musauyandikize: thanki ya petulo ili pafupi, ndipo shock yotenthedwa imatha kuphulika. Nati yokanikiratu ndi bwino kuidula m'mbali ndi sowo n'kuing'amba, kusiyana n'kupotola stud.

Shock ikakana kuvuka chifukwa kapaipi kagwirana ndi stud, kokani shock labala atsale, mudule labalayo, mugwire kapaipiko ndi pulayala yokhoma n'kupotoza.

Stud yoduka ndi ntchito ya wowotcherera wodziwa. Achotse thanki, amasule batire ndi CDI (kabokosi ka magetsi koyatsira injini), ndipo stud yatsopano ilunjike bwino ndi khutu lam'munsi komanso ifanane msinkhu ndi ya mbali inayo. Kungomata bauti pamwamba pa chitsa chakale sikulimba.

Bauti yam'munsi ikawonongeka, musatole iliyonse yolowa. Pa njinga zambiri mazinga ake ndi othinana, otalikirana mamilimita 1.25, pamene mabauti wamba a mamilimita 10 a ku hardware ndi a 1.5, mukakakamiza, mumapha mazinga a m'mphanda. Pezani yolembedwa 8.8 kapena 10.9 pamutu, ndipo gawo losalala la bauti ndilo likhale mkati mwa bushi.

Ndipake girisi pa mabushi?

Pa chitsulo inde, pa labala ayi. Kagirisi kochepa pa thupi la bauti, pamene padutsa kapaipi, kamaletsa dzimbiri. Koma girisi wamba ndi oyilo wa injini amafufumitsa labala n'kumufewetsa. Labala akamavuta kulowa, madzi a sopo akwanira.

Mano aja a kumunsi kwa sipuling'i ndiwaike pati?

Ma shock ambiri a njinga zimenezi ali ndi masitepe 5. Kukweza sitepe kumafinya sipuling'i isanalandire katundu. Sikuisandutsa kukhala sipuling'i yolimba. Kumangochititsa kuti njinga isatitimire kwambiri mukakwera, kuti shock itsale ndi mpata wogwirira ntchito. Shock yomwe yatitimira kale theka musananyamuke imagunda pothera pa bampu yoyamba, ndipo woyendetsa amaganiza kuti ndi youma pamene vuto ndi kufewa.

Kuti mupeze sitepe yoyenera, yezani. Matani kachidutswa ka tepi pa kaliyala, molunjika pamwamba pa ekiselo. Tayala lili m'mwamba, yezani kuchokera pakati pa ekiselo kufika pa tepiyo. Tsitsani njinga, woyendetsa akhalepo mapazi ali pa zopondera, wina atagwira njinga, muyezenso. Kusiyana kwake kukhale pakati pa gawo limodzi mwa magawo anayi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a ulendo wonse wa tayala, zomwe pa njinga zotere ndi mamilimita pafupifupi 25 mpaka 35. Kukapitirira, kwezani sitepe. Wa kabaza, yemwe nthawi zambiri amakhala ndi munthu kumbuyo kapena thumba la makilogalamu 50, ayeze ali ndi katundu wake wa tsiku ndi tsiku. Ambiri amapezeka pa sitepe 4 kapena 5. Ngati pa sitepe yomaliza ikutitimirabe mopitirira, sipuling'i ndi yofewa pa ntchito yanu, kapena katundu ndi wopyola mlingo wa njinga.

Mbali zonse ziwiri zikhale pa sitepe imodzi. Sinthani tayala lili m'mwamba, pogwiritsa sipanala yokowera, sitepe imodziimodzi. Musalumphe kuchoka pa 5 kugwera pa 1 mozungulira, ndipo musamenye mano ndi tchizulo.

Ndamaliza. Ndiyang'anenso chiyani ndisanayende?

Tcheni choyamba. Ma shock atsopano amakweza kumbuyo, ndiye kulendewera kwa tcheni kumasintha. Njinga zambiri za mtunduwu zimafuna mamilimita 20 mpaka 30 pakati pa masipoketi awiri. Pa zokhala ndi chotchingira chonse, pali kabowo kotsekedwa ndi labala koonerapo. Zunguzani tayala mupeze pamene tcheni chalimba kwambiri, muyezere pamenepo.

Kenaka buleki yakumbuyo: chopondera chiziyenda mamilimita 20 mpaka 30 isanagwire, tayala lizizungulira momasuka, ndipo nyale ya buleki iziyaka pa nthawi yake. Mangani mabauti a ekizozi ndi kaliyala omwe munamasula. Anthu awiri akhale pa njinga ndi kunjanja, wina akuyang'ana ngati sipuling'i ikukhuza pena pake. Nyale yakutsogolo ikhoza kufuna kukwezedwa pang'ono.

Yendani pang'onopang'ono poyamba, ndipo mukayenda makilomita 50 mpaka 100 yesaninso manati onse anayi.

Bwanji zoika ma shock anayi?

Timamvetsa chifukwa chake ena amachita zimenezi, koma sitikulimbikitsa. Njinga imasiyadi kutitimira, koma ikakhala yopanda katundu kumbuyo kumauma, tayala limadumpha, ndipo buleki siigwira bwino. Nkhonya zomwe shock ikanameza zimapita ku felemu, masipoko ndi limu. Pamene awotcherera makutu owonjezera ndi pamene felemu imayambira kung'aluka, chifukwa paipi ya pamenepo ndi yopyapyala. Komanso mabuleki, tayala ndi mabering'i zimakhala zomwe zija. Ma shock anayi sawonjezera mlingo wa katundu womwe njinga inapangidwira. Awiri a sipuling'i zolimba, a kutalika koyenera, amachita bwino kuposa anayi.

Shock yodontha singathiridwe oyilo wina?

Ma shock a njinga zazing'onozi ambiri ndi otsekeratu ku fakitale. Kuboola botolo, kuthira oyilo wa injini n'kutseka ndi sikuluu kumagwira masiku ochepa. Seal yomwe inatulutsa oyilo woyamba idakali yomweyo, tizitsulo ta pobowola timagwera mkati n'kukatseka mavavu, ndipo oyilo wa injini ndi wolemera kwambiri pa timabowo tija. Pa shock ya gasi kuboola n'koopsa. Otheka kukonzedwa ndi ma shock opangidwa kuti azimasulidwa, omwe amapezeka pa njinga zikuluzikulu, ndipo amafuna seal yatsopano, oyilo wake weniweni ndi gasi wa nitrogen. Kavavu ka pa kabotolo ka gasi si kopopera ndi pampu ya matayala, ndiponso si koyesa ndi msomali.

Musachotse sipuling'i pa shock popanda chida chofinyira. Ikaphonyoka imathyola zala ndi mano.

Ogwiritsidwapo kale ndi otani?

Oyambirira a fakitale ochotsedwa pa njinga yosayenda kwambiri amatha kukhala abwino kuposa atsopano otchipa. Vuto n'loti shock yotheratu oyilo n'kutsukidwa imaoneka youma ndi yaukhondo. Gulani awiri ochokera pa njinga imodzi, muwaike pa njinga yanu pomwepo, muyese kukanikiza musanalipire. Ochokera pa njinga ya ngozi asiyeni.

Nanga njinga ya shock imodzi yapakati?

Pa njinga monga Yamaha XTZ125, AG200 kapena Honda XR150L, shock ikachoka palibenso chogwira swingarm, choncho njinga iyenera kukhala pa chipika pansi pa felemu, itamangidwa kuti isagwe, ndipo tayala likhale ndi chochirikiza chake. Chotsani mpando ndi makava am'mbali. Pa zina muyenera kusuntha bokosi la air filter kapena kuchotsa thanki kuti mufike pa bauti yam'mwamba. Yambani ndi kumunsi. Mukapeza pini yokhomedwa ndi split pin, kawaya kopindika koletsa pini kuvuka, m'malo mwa bauti, ikani split pin yatsopano pobwezera. Onetsetsani mbali yomwe bauti iliyonse inalowera.

Kutalika kuno sikukhululuka. Shock imakhala pafupi ndi kutsogolo kwa swingarm, ndiye mamilimita 10 pa shock amatha kukhala 25 kapena 30 pa tayala. Ngati pali timikono tolumikiza shock ndi swingarm, timasuleni, mutsuke mabering'i kapena mabushi ake, mupake girisi wosachoka ndi madzi. Pamenepa ndi pamene kugogoda kumabisala. Mlingo womangira mabauti utengeni m'buku la njingayo, chifukwa umasiyana kwambiri. Bwezerani labala wotchinga matope patsogolo pa tayala. Popanda iye mchenga umapita molunjika pa ndodo.

Ndiwasamale bwanji kuti akhalitse?

Zomwe zimapha shock ndi katundu wopyola, liwiro pa mabampu, ndi dothi pa ndodo. Matope a nthawi ya dzinja akaumira pa ndodo, amalowa pansi pa seal n'kuicheka. Tsukani ndi madzi ndi nsanza, koma musalunjikitse madzi a pampu yamphamvu pa seal. Zingwe zomangira katundu zisakoledwe pa sipuling'i. Bampu ipondeni mutasiya kale buleki, chifukwa mukadutsa mutaponda, swingarm siyenda momasuka. Nthawi iliyonse mukusintha oyilo wa injini, yesani manati anayi aja ndi kuyang'ana labala.

Akale ndiwatani?

Sungani manati, mawosha ndi timapaipi ta m'mabushi ngati tili bwino, chifukwa atsopano ena amabwera opanda. Ma shock enieniwo apite kwa ogula zitsulo zakale, ndipo muwauze ngati ndi a gasi. Musawaponye pa moto wa zinyalala kapena kuwadula ndi galainda, ndipo ana asasewere nawo. Oyilo wotsekeredwa m'botolo akatenthedwa amaliphulitsa, ngakhale pa shock yopanda gasi.